Chitseko cha Gasi pa Doko la Oban

Amuna anga a Torquil amakhulupirira madokotala pang'ono, abusa amangowapirira, koma makaniko samulola ngakhale kuyandikira galimoto yathu yogonamo. Anaigula zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, ili yakale kale, ndipo amaitcha Dona. Ine amangonditcha Ishbel.

Dona ali ndi bedi, sitovu, kachimbudzi koti ukalowa chakutsogolo umatuluka chambuyo, ndiponso makabati anayi otsegukira kunja, m'nthiti mwake. M'makabati atatu mumakhala zingwe, mipando yopinda ndi zinthu zina zomwe a Torquil amati tsiku lina tidzazifuna. Yachinayi, ya kumbuyo kudzanja lamanzere, ndi ya masilinda awiri a gasi wophikira. Chitseko cha kabati imeneyi chinakhala chikugwedera chilimwe chonse, labala wa m'mphepete mwake atauma n'kuyamba kuthothoka. Loweruka, kutatsala masiku awiri kuti tinyamuke ulendo, a Torquil anachikonza. Ine sindinaone chifukwa ndinali kuchipatala ndi bambo anga, koma nkhani yake ndinaimva madzulo, kawiri. Anachotsa labala wakale, anapala, anatsuka, anapaka guluu wakuda womatira magalasi a maboti, anaika labala watsopano, kenako anatseka chitseko n'kukhoma kuti labalayo azolowere malo ake. Anati adzalemba zonsezi m'kanyuzipepala ka kalabu yawo ya eni galimoto zogonamo, komwe ndi wapampando wa nthambi ya kumadzulo. Chino n'chaka chachisanu ndi chimodzi akusankhidwa popanda wopikisana naye, ndipo iwo amati zimenezi zikusonyeza chikhulupiriro cha anthu.

Bambo anga a Calum anali ndi zaka 87 ndipo anali atagona m'chipatala ku Glasgow milungu itatu. Lachisanu dokotala anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti tiwerengere masiku, osati milungu. Bambo sanapemphe kupita kwawo. Kwathu kuchilumba munthu sapempha. Anangoyang'ana kudenga la wodi n'kunena kuti ndi denga labwino, anthu ake analimanga mosamala. Ine ndinamva. Achipatala anati ambulansi yowawolotsa nyanja ipezeka sabata yamawa ikatha, ndipo namwino amene anandiuza zimenezi sanandiyang'ane m'maso. Tinagwirizana kuti tiwanyamule mu Dona, popeza muli bedi, ndipo bambo sakanatha kukhala tsonga kuposa mphindi zochepa.

Sitima ya kwathu imachoka pa Oban kamodzi patsiku, hafu pasiti wani. Lolemba lija tikulowa padoko, chikwangwani chinali chitalengeza kale kuti namondwe afika usiku, ndipo sitima ya Lachiwiri ndi ya Lachitatu yayimitsidwa. Ndinawerenga kawiri, kenako ndinayang'ana kumbuyo. Bambo anali chigonere, bulangete mpaka pachibwano, maso ali gwa pazenera pomwe pankaoneka mlongoti wa sitima. Nthawi inali kota pasiti leveni. A Torquil anandikumbutsa kuti tafika msanga chifukwa cha njira yomwe anasankha iwo.

Woyang'anira mizere anali mayi wamfupi wovala jekete lachikasu, wailesi ili paphewa, dzina lake Rhona litalembedwa pachifuwa. Anali atamva kale za ife. Anati atiika pafupi ndi chikepe cha m'sitima, kuti njinga ya odwala ikatidikira pomwepo, komanso kuti m'mwamba muli kachipinda ka bedi. Kenako anafunsa funso lomwe amafunsa galimoto yogonamo iliyonse, loti gasi n'ngotseka kodi. A Torquil anati n'ngotseka. Rhona anati chabwino, tiyeni tikaone, amangirire kachikwangwani pasilinda.

Tinazungulira tonse atatu. A Torquil analowetsa kiyi, anapotoza, loko analira bwinobwino. Anakoka. Chitseko sichinasunthe. Anakokanso ndi manja awiri, ndipo Dona yense anagwedezeka, koma chitseko chinangokhala ngati chojambula pakhoma.

Anafotokozera Rhona kuti labala watsopano amatero, ndi chizindikiro cha ntchito yabwino, ndipo poti iwo ndi munthu wodziwika m'zinthu zimenezi, mawu awo akwanira. Rhona anamvetsera mpaka anamaliza.

"Mayi, takayatsani sitovu," anatero kwa ine.

Sindinafunike kuyatsa. Ndinali nditawiritsira bambo madzi a tiyi titaima panjira pa Tyndrum. Komabe ndinalowa, ndinayatsa, moto wabuluu unabuka. A Torquil anati ndi gasi wotsalira m'paipi, azima pompano. Tinaima kuuyang'ana motowo mphindi zitatu zathunthu. Unali moto wathanzi.

Rhona sanakweze mawu. Anati pansi pa sitima pamakhala galimoto zoposa makumi asanu ndi atatu zothithikana, zitseko zachitsulo zotseka, maola asanu panyanja yolusa, ndipo galimoto ya gasi wotsegula salowetsa ngakhale itakhala ya mayi ake. Mizere imatsekedwa wani koloko. Kwa ife akhoza kukokera mpaka kota pasiti, osapitirira apo, chifukwa woyendetsa sitima akuthawa mphepo.

Ndinamufunsa ngati ine ndi bambo tingakwere wapansi, Dona n'kutsala. Anayang'ana pazenera, anaona bambo, n'kundiuza chilungamo: njira ya apansi ndi yaitali, yokwera, ndipo madzi akaphwa chonchi imakhala ngati makwerero. Ineyo ndinadziwanso zotsalazo. Kutsidya, kuchokera padoko kukafika kunyumba ndi mamailosi khumi ndi imodzi, ndipo mng'ono wanga Peigi ali ndi kagalimoto koti ngakhale galu wake amakwera atapinda miyendo. Kunali kulowa ndi Dona, apo ayi kubwerera ku Glasgow.

A Torquil anatulutsa khadi lawo lagolide la bungwe lothandiza anthu pamsewu. Akhala membala zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri osaliitanapo, ndipo amanyadira zonse ziwiri. Anaimba, anatchula nambala yawo ya umembala pang'onopang'ono ngati akuwerenga lemba m'tchalitchi, kenako mnyamata wa kufoniko anayamba mafunso ake. Ndinkamva mayankho okha. Inde, injini ikulira, sinakanepo chigulireni. Ayi, matayala ali bwino, anawapopa okha m'mawa. Ayi, sali pamsewu waukulu. Inde, ali pamalo otetezeka kwambiri. Ayi, sichinathyoke, chitsekocho chili bwino kuposa mmene chinalili chichokereni kufakitale. Mnyamatayo ataona kuti akulankhula ndi mwini galimoto yabwino kuposa zonse mu Scotland, anawaika kumapeto kwa mndandanda. Thandizo lifika pasanathe maola anayi. A Torquil anamuuza kuti alemba kalata ku likulu, ndipo anafunsa dzina lake ndi kalembedwe kake.

Ndinatenga khadi m'manja mwawo, ndinapita kuseri kwa lole ya nsomba yomwe inali mumzere wina, n'kuimba ndi foni yanga. Anayankha mayi. Ndinamuuza kuti galimoto ilibe vuto lililonse, kuti vuto ndi chitseko chomatidwa, kuti m'katimo muli bambo anga omwe akupita kukafera kwawo, ndipo sitima yotsatira ndi ya Lachinayi. Ndinati sindikudziwa ngati adzakhalepo Lachinayi. Mayiyo anati ndisadule. Anandiikira nyimbo. Ndinamvera nyimboyo mphindi zisanu ndi chimodzi ndikuyang'ana madzi akudontha pansi pa lole. Atabwerera anati pali munthu wawo ku Dalmally, dzina lake Wattie, akumaliza kuthandiza mlendo wina amene wathira petulo m'galimoto ya dizilo. Wamuuza kuti akangomaliza asadye, abwere. Inali kota tu thwelofu.

Nditabwerera ndinapeza a Torquil atapinda kale mipeni iwiri yopakira batala. Anayesa madzi otentha. Anayesa mafuta ophikira. Kenako anabwera ndi nzeru yoti tiyatse mbaula zonse zitatu za sitovu kuti gasi athe, mpaka ndinawakumbutsa kuti masilinda onse awiri anawadzazitsa okha Lachinayi, ndipo anandiuza monyadira kuti atifikitsa Khirisimasi. Apa n'kuti amuna a m'galimoto zina zogonamo atayamba kusonkhana. Amuna amenewa amanunkhiza chitseko chovuta ali kutali. Anaima mozungulira, manja m'matumba, aliyense akufotokoza zomwe zinachitikira mlamu wake. Mmodzi wa kapu yofiira anawayang'anitsitsa a Torquil.

"Kodi si inu a wapampando? Ndimawerenga nkhani zanu mwezi ndi mwezi."

A Torquil anavomera ndi mutu, makutu atafiira. Kuyambira pamenepo anasiya kukoka chitseko, n'kuyamba kuchigogoda mwaulemu ndi chala ngati dokotala pachifuwa.

Ndinalowa kukaona bambo. Mpweya wawo unkatuluka mwa kamluzu. Ndinawanyowetsa milomo ndi kansalu. Anandifunsa ngati mphepo yatembenukira kummwera chakumadzulo, ndinati sindikudziwa, iwo anati yatembenuka, akuimva pa mmene zingwe za maboti zikulirira. Za chitseko sanafunse. Anali akumva zonse kudzera m'khoma lomwe ndi lopyapyala ngati katoni.

Wattie anafika thwelofu sate-faifi, magetsi achikasu akuthwanima, Rhona atamutsegulira mzere wa malole. Anali chimunthu chachikulu cha imvi, chotsika m'galimoto mwendo umodzi umodzi. Anapatsa moni ine poyamba, anasuzumira pazenera n'kuvulira bambo chipewa, kenako anagwada pachitseko. Anayendetsa chikhadabo m'mphepete monse, mbali zonse zinayi. Ananunkhiza.

"Wamata ndani apa?"

A Torquil anati ndi iwo, ndipo anayamba kufotokoza za kupala ndi kutsuka.

"Ntchito yabwino, bwana. Muno simungalowe madzi. Simungalowe mphepo. Simungalowenso munthu." Anadzuka akugwira bondo. "Pulasitiki munaika?"

Anthu a manja m'matumba aja anayang'anana. Zinaoneka kuti aliyense wa iwo ankadziwa za pulasitiki. Ukapaka guluu n'kuika labala, umayala kapepala kapulasitiki kokulungira chakudya pakati pa chitseko ndi felemu, kenako n'kutseka. Guluu akafinyika n'kutuluka m'mbali, amagwira kapepalako, osati felemu. Ukapanda kutero wamata chitseko ku galimoto, ndi guluu wopangidwira kuti galasi la boti lisachoke pakati pa nyanja. A Torquil anati pa nkhani imeneyi akatswiri amasiyana maganizo. Wattie anati ayenera kuti amasiyanadi, koma guluu sasiyana ndi munthu.

Anayamba ndi pansi. Kabati ya gasi imakhala ndi bowo pansi pake, lotulukira gasi akamadontha. Wattie anagona chagada paphula lonyowa, anachotsa kasefa, analowetsa mkono mpaka pachigongono, n'kukanirira. Anandiyang'ana manja. Ndinavula jasi n'kugona pomwe anagona iye. Mkono wanga unalowa mpaka paphewa. Ndinakhudza mimba yozizira ya silinda, ndinakwera nayo ndi zala, ndinagwira lamba womangira, ndinapitirira pang'ono mpaka pomwe silinda imayamba kupindikira kukhosi. Kotsekera kunali pamwamba pake, mwina kutalika kwa chikhatho chimodzi. Ndinadzikankha mpaka chitsulo chinandidula m'khwapa. Zala zinangogwira mphepo. Ndili pansi pomwepo ndinamva injini zikulira mumzere woyamba, ndi phokoso la matayala akukwera chitsulo cholowera m'sitima.

Wattie anatulutsa waya wopyapyala wa zigwiriro ziwiri, amene amadulira magalasi a galimoto. Anamulowetsa pakona ndi singano yaitali, n'kuyamba kucheka guluu, kukoka uku ndi uku. A Torquil anasangalala nayo njira imeneyi, chifukwa sinkakanda penti. Anaima pambali akulangiza za kapendekedwe ka dzanja. Waya ankayenda, koma ankayenda ngati nkhono. Pakona yoyamba anaduka. Wattie analowetsa wina. Mzere wachitatu unapita, wachinayi unapita, amuna a manja m'matumba anathamangira ku galimoto zawo mmodzimmodzi, wa kapu yofiira akutembenuka kawiri. Pomwe inkakwana faifi tu wani, Wattie anali atadula mbali imodzi yokha, yaifupi.

Anaimirira, anapukuta manja, n'kulankhula kwa tonse awiri koma akuyang'ana ine. Anati ndi waya pakufunika ola lina. Njira inayo ndi ya mphindi ziwiri: chitsulo chokanulira, kulowetsa pomwe wadulapo, n'kukanula. Chitseko chithyoka, mwinanso felemu. Koma bungwe lawo silimulola kuwononga galimoto ya membala popanda mwini wake kusaina. Anatulutsa pepala m'thumba la pachifuwa. Dona analembetsedwa m'dzina la a Torquil okha.

A Torquil anatenga pepalalo n'kuyamba kuliwerenga, kuyambira pamwamba. Anati chitseko chotere sichipezekanso, fakitale yake inatsekedwa kalekale, anthu amafunafuna mpaka ku Germany osachipeza. Anati mwina waya atapatsidwa mphindi khumi zina, poti tsopano dzanja lazolowera. Anafunsa ngati sitingathe kulankhula ndi woyendetsa sitima mwini wake, munthu ndi munthu. Rhona anadutsa akukweza dzanja kwa malole, n'kungotchula nthawi osaima. Wani koloko. Padoko panatsala ife, malole awiri ndi mbalame.

Apo bambo anagogoda pakhoma. Tinalowa, ine kutsogolo, a Torquil anaima pakhomo ndi pepala lawo. Bambo analankhula motsitsa, akupumira pakati pa mawu.

"Musamuvutitse mkamwini. Ndi chitseko chabwino. Ku Glasgow kuja amandisamala, tiyi amabwera pa nthawi yake. Tibwerere."

A Torquil anausa moyo. Ndinawaona mapewa akutsika. Anatembenukira kwa Wattie panja n'kunena kuti mwamva, ngakhale mwini ulendo akuona kuti tisachite zinthu mopupuluma, Lachinayi si kutali. Zaka makumi atatu ali pabanja ndi mwana wa kuchilumba, anadya nafe maukwati ndi maliro, koma anali asanaphunzire kuti kwathu munthu akati musavutike ndiye kuti zafika pakhosi.

Ndinawakokera panja, kuseri kwa chitseko cholowera, kuti bambo asamve, ngakhale ndinkadziwa kuti amva.

"Torquil, bambo anga sanapemphepo kanthu kwa munthu chibadwire, ndipo sayamba lero. Lowaninso. Musawayang'ane kumaso. Muyang'ane kumapazi."

Analowa. Bulangete linali litakwera pang'ono. Bambo anali atavala nsapato. Munthu amene m'mawa anakanika kugwira kapu anali atadzuka yekha, nthawi ina ife tili pansi pa galimoto, n'kufikira nsapato zake zakuda za kutchalitchi pansi pa bedi, n'kuzivala. Zingwe anakanika kumanga. Anagonanso n'kufunda, wokonzeka kutsika.

A Torquil anakhala m'katimo nthawi yomwe kwa ine inali yaitali kwambiri. Atatuluka anaima pafupi nane, akuyang'ana phula.

"Pulasitiki ndinagula, Ishbel. Ndinaipeza patebulo Lamlungu m'mawa, yosatsegula. Ndinapita kukayesa chitseko, chinakana." Anatsitsa mawu. "Ndinkati mwina a padoko safunsa za gasi. Nthawi zina safunsa."

Ndinalibe nthawi yokwiya. Ndinaisunga, ndipo ndinadzaigwiritsa ntchito bwino mwezi wotsatira. Pamenepo ndinangowauza kuti ndi sikisi pasiti wani.

Wattie anawapatsa cholembera. A Torquil sanachilandire. Anapinda pepala lija, analibweza m'thumba la Wattie, n'kutambasula dzanja kuloza chitsulo. Anati munthu sasainira kuswa chake. Wattie anawayang'ana pang'ono, kenako anawapatsa. Anakulunga nsonga yake ndi nsanza kuti pasathetheke moto, anakhoma kamtengo pomwe anadula paja kuti patseguke mpata, n'kuwaonetsa pogwira.

"Apa, bwana. Musachinyengerere. Sichikukudziwani."

Kukanula koyamba kunali kwaulemu, ndipo chitseko chinangolira pang'ono. Kwachiwiri chitsulo chinaterereka, dzanja la a Torquil linakhula pakona, magazi anatuluka pazala zitatu. Sanayang'ane. Analowetsanso, anaponda tayala ndi phazi limodzi, anakoka ndi thupi lonse, nkhope itafiira ngati nyama. Chitseko chinapindika pakati, chinang'aluka, koma m'mphepete guluu anagwirabe. Lole yomaliza inali ikukwera. Rhona anabwera n'kuima kumbuyo kwathu, wailesi yake ikulankhula yokha.

"Tasunthani pang'ono, tigwirizane," anatero Wattie. "Bungwe silinanene kuti ndisatsamire chitsulo cha munthu."

Anatsamira. Anali munthu wolemera. Kunamveka kulira ngati kwa nsalu yaikulu ikung'ambika, ndipo chitseko chinachoka pamodzi ndi felemu yake, mahinjesi, ndi chikopa cha Dona chachikulu ngati thireyi. Guluu sanasiye ngakhale pamodzi. Chomwe chinagonja ndi galimoto.

Ndinagwada n'kupotoza kotsekera koyamba, kenako kwachiwiri, mpaka zala zinawawa. Rhona anagwira yekha kuti atsimikize, anamangirira tizikwangwani take, kenako anayang'ana chibowo chomwe chinatsala, ubweya wa m'khoma ukulendewera. Anati kabati yopanda chitseko sanalowetsepo, ayenera kufunsa. Anatembenuka n'kulankhula m'wailesi. Inali thwelofu pasiti wani. Yankho silinabwere. Anabwerezanso, ndipo ulendo uno ndinamumva akutchula kuti ndi galimoto ya a Calum, a kumpoto kwa chilumba, omwe akupita kwawo. Wattie sanadikire. Anali atayamba kale kukulunga masilinda ndi lamba wina, n'kumata chibowocho ndi tepi yotuwa, mizere yopingasa, akuduladula ndi mano.

Wailesi inakhosomola. Mawu a mwamuna anafunsa ngati masilinda ali omanga. Rhona anati ali omanga kawiri. Mawuwo anati abwere msanga, akukweza chitsulo cholowera m'sitima.

A Torquil anayendetsa dzanja litakulungidwa m'kansalu kopukutira mbale. Ine ndinakhala pansi kumbuyo, nditagwira bambo paphewa kuti asagubuduke pokwera. Pazenera ndinaona Wattie ataima pakati pa doko lopanda kanthu, atanyamula chitseko m'mwamba ngati akufunsa kuti achitani nacho. Sindinamuthokoze n'komwe, ndipo dzina la bambo ake sindilidziwa. Matayala akumbuyo atangodutsa, chitsulo chinayamba kukwera, kuwala kwa panja kukuchepa pang'onopang'ono mpaka kunatsala magetsi a m'sitima.

Anyamata awiri a m'sitima anawanyamula bambo kuwaika panjinga. Mu chikepe a Torquil anagwada, ndi dzanja limodzi ndi theka, n'kuwamanga zingwe za nsapato. Anamanga mfundo yolakwika, ndipo bambo, omwe anakhala pa maboti zaka makumi asanu, anaiyang'ana mfundoyo n'kunena kuti ndi yabwino.

Nyanja inali yoipa kuyambira pomwe tinatuluka kuseri kwa chilumba cha Mull. A Torquil anadwala njira yonse, ndipo kwa maola anayi sanalangize munthu aliyense. Bambo sanadwale. Anagona m'kachipinda kaja maso otseka, akutchula malo omwe tikudutsa pongomva kagwedezekedwe ka sitima, ndipo kawiri konse nditasuzumira pazenera ndinapeza kuti alondola. Kachitatu sanatchule kanthu kwa nthawi yaitali. Ndinaika dzanja pachifuwa pawo n'kudikira. Chinakwera.

Tinafika kunyumba dzuwa lisanalowe, mvula ikugwa chopingasa. Peigi anali atayatsa moto ndi kusuntha bedi kuti liyang'ane kunyanja. Tinawanyamula pampando wa kukhitchini, ine ndi Peigi kumiyendo, a Torquil kumsana. Titawagoneka anayang'ana kudenga nthawi yaitali. Pakona pali banga la chinyontho lomwe lakhalapo chimwalirireni mayi.

"Lakula," anatero. "Ndinamuuza Peigi kuti aitane munthu."

Peigi anati anaitana, munthuyo sanabwere. Bambo anati ndiye sanaitane bwino. Anakangana pang'ono za zimenezi, kenako anapempha tiyi, n'kumwa theka.

Sitima sinayende Lachiwiri, sinayende Lachitatu, ndipo Lachinayi inafika pakati pa nyanja n'kubwerera. Bambo anamwalira Lachinayi lomwelo masana, pabedi lawo, zenera lili lotsegula pang'ono monga ankafunira.